Khoswe wakhala pamkhate: za ofuna kusecha zithunzi m'mafoni athu

Abale anga okhala kuno ku Mangalande, ndi inu a ku Joni, ku Amereka ndi kwina konse kumene munapita kukasaka moyo, lero ndati tisiye kaye za ndale zakumudzi, tikambe za kachinthu kali m'thumba mwanuko. Mu February 2025, kampani ya Apple inalengeza kuti anthu okhala ku Britain sathanso kuyika loko yake yolimba kwambiri yotetezera zithunzi ndi zina zosungidwa pa iCloud, imene amaitcha Advanced Data Protection. Tangoganizani, tsiku limenelo munthu wa ku Lilongwe anali ndi ufulu woyika loko imene wa ku Leeds anali atalandidwa. Ife tomwe timati tinabwera kudziko la ufulu.

Chinatsitsa dzaye n'chiyani? Nyuzipepala ya Washington Post inaulula kuti unduna wa Home Office unatumiza lamulo lachinsinsi kwa Apple, pogwiritsa ntchito Investigatory Powers Act ya 2016, kuti kampaniyo ikonze njira yoti boma lizitha kuona zinthu zotsekedwa ndi lokoyo. Ndipo sikuti za anthu a ku Britain okha ayi, koma za wina aliyense padziko lapansi. Lamulo lomwelo limaletsa kampani kunena ngakhale zoti yalandira kalata yotere, ndipo a boma atafunsidwa anangoti savomereza komanso sakana. Apple inaona kuti kusiyana ndi kupanga kiyi wapadera, bola kungochotsa lokoyo kuno.

Koma nkhaniyi sinayambe 2025. Kuti timve bwino tibwerere ku August 2021, pamene Apple yomweyi, imene lero ikuoneka ngati ngwazi, inali itabwera ndi ganizo limene linautsa mapiri pachigwa.

Pa 5 August chaka chimenecho, kampaniyi inati iyamba, ku Amereka poyamba, kufufuza zithunzi zogwiririra ndi kuzunza ana. Kufufuza kotere sikunali kwachilendo. Kuyambira 2009, pamene Microsoft mothandizana ndi katswiri Hany Farid inakonza njira yotchedwa PhotoDNA, makampani ngati Facebook ndi Google akhala akuunika zithunzi zimene anthu aika pa makompyuta a makampaniwo. Chachilendo chinali malo ake osechera. Apple inati kusechako kuzichitika mkati mwa foni yanu momwemo, chithunzi chisananyamuke kupita ku iCloud.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Chithunzi chilichonse amachisandutsa kanambala kakatali, kamene akatswiri amati hash, kokhala ngati chidindo cha chala cha chithunzicho. Njira ya Apple yopangira chidindochi inkatchedwa NeuralHash, ndipo inakonzedwa mwakuti ngakhale wina achepetse chithunzi kapena asinthe mtundu wake, chidindo chizitulukabe chomwecho. Ndiye m'foni iliyonse mukanaikidwa mndandanda wa zidindo za zithunzi zonyansa zodziwika kale, wochokera ku bungwe la ku Amereka la NCMEC ndi ena osamala za ana. Foni ikanamafananiza zithunzi zanu ndi mndandandawo. Zofanana zikafika pafupifupi 30, malinga ndi mmene mkulu wina wa kampaniyi Craig Federighi anafotokozera, pamenepo ogwira ntchito ku Apple akanatha kuona, n'kutseka akaunti, n'kukanena ku NCMEC, imene imapereka nkhani kwa apolisi. Kampaniyi inati mwayi woti akaunti ya munthu wosalakwa igwidwe molakwika unali umodzi pa thiriliyoni imodzi pachaka.

Tisanapite patali ndinene poyera, chifukwa alipo ena okonda kupotoza mawu. Vuto limene ankafuna kuthetsalo ndi lenileni, ndipo ndi lomvetsa chisoni. Kuseri kwa chithunzi chilichonse chotere kuli mwana weniweni amene anachitidwa chipongwe, ndipo nthawi iliyonse chikagawidwa, bala lake limatukusidwanso. Mu 2023 mokha NCMEC inalandira malipoti oposa 36 miliyoni. Ndiponso Apple inali ndi chifukwa chochitira manyazi: mu 2020 Facebook inatumiza malipoti oposa 20 miliyoni, pamene Apple inatumiza 265 basi. Palibe wanzeru angakhulupirire kuti eni ma iPhone onse ndi angelo. Chilungamo chake n'chakuti kampaniyi sinkayang'ana n'komwe. Tsono amene amati pachitike kanthu sakunama ayi.

Nanga phokoso lonse lija linali lachani? Mabungwe oposa 90 omenyera ufulu analemba kalata yopempha Apple kuti isiye, Edward Snowden analankhula mwamphamvu, ndipo mkulu wa WhatsApp, Will Cathcart, anati iwo sadzatsata njira imeneyi.

Choyamba ndi nkhani ya mwini wake wa foni. Mukasiya katundu kunyumba yosungirako zinthu, mwini nyumbayo akati ndisuzumire m'thumbamo, mukhoza kung'ung'udza koma mumvetsa, poti nyumba ndi yake. Koma apa zinali ngati mwagula nyumba ndi ndalama zanu za thukuta, za ma shifiti a usiku aja, kenaka womanga nyumbayo akuuzani kuti wasiyamo mlonda kuchipinda chogona, amene ntchito yake ndi kukaneneza inu mwini nyumba. Mlondayo akhoza kukhala waulemu, wosalankhulalankhula, woyang'ana chinthu chimodzi chokha. Komabe malipiro ake salandira kwa inu, ndipo samvera inu. A Apple ankayankha kuti mukazimitsa iCloud Photos mlondayo agona tulo. Zoona, koma kuti agone kapena adzuke ndi nkhani ya malangizo amene kampani ikhoza kusintha tsiku lililonse foni ikamalandira update, inu muli mtulo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, ndi mndandanda uja. Inu mwini foni simungauwerenge, ndi manambala obisika okhaokha. Makinawo sadziwa kuti ichi ndi chithunzi cha mwana wozunzidwa, amangodziwa kuti chidindo ichi chafanana ndi icho. Mukawapatsa chidindo cha katuni yoseka mtsogoleri wadziko, kapena chithunzi cha apolisi akumenya anthu pa zionetsero, kapena kalata ya boma imene yatuluka mobisa, agwira ntchito mofanana ndendende, mosafunsa funso. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Princeton, Jonathan Mayer ndi Anunay Kulshrestha, analemba kuti iwo anali atakonzapo makina ofanana ndi amenewa, ndipo anawasiya ataona kuti n'kosavuta kuwatembenuza kukhala chida chofufuzira china chilichonse.

Apple inalonjeza kuti boma lililonse likadzabwera ndi pempho lowonjezera zina pamndandandapo, idzakana. Lonjezo labwino ndithu. Koma tiyeni tione mbiri. Mu 2017 kampaniyi inachotsa ku China mapulogalamu a VPN amene anthu ankazembera nawo mpanda wa intaneti wa boma. Mu 2018 inasamutsa zinthu za anthu a ku China zosungidwa pa iCloud n'kuziika m'manja mwa kampani yogwirizana ndi boma m'chigawo cha Guizhou. Ndipo mu September 2021, patangopita milungu yochepa chiperekereni lonjezo lija, Apple ndi Google onse anachotsa ku Russia pulogalamu ya gulu la Alexei Navalny yothandiza ovota, tsiku loyamba la chisankho. Sindikuti ndi anthu oipa mtima. Ndikuti kampani ndi kampani, ili ndi antchito m'dzikomo amene angamangidwe, ili ndi msika woti iteteze, ndipo lamulo likafika pakhomo imagwada. Chitetezo chenicheni chimene kampani ili nacho pamaso pa boma ndi kutha kunena kuti pepani, chida chimenecho tilibe. Ikangochipanga, yankho limenelo lapita, chotsala ndi kukana ndi pakamwa.

Za luso lake sindichedwapo. Pasanathe milungu iwiri, anthu odziwa makompyuta anali atatulutsa NeuralHash m'mafoni n'kusonyeza kuti akhoza kupanga zithunzi ziwiri zosiyana kotheratu koma zokhala ndi chidindo chimodzi. Apple inati umenewo sunali mtundu womaliza wa makinawo. Mu October 2021 gulu la akatswiri otchuka pa zachitetezo cha makompyuta, kuphatikizapo Ross Anderson wa ku Cambridge, Ron Rivest, Whitfield Diffie ndi Bruce Schneier, linatulutsa lipoti lonena kuti kusecha m'mafoni n'koopsa ndipo zigawenga zenizeni zikhoza kukuzemba mosavuta. Apple inali itaimika kale ganizoli pa 3 September, ndipo mu December 2022 inalitayiratu. Chodabwitsa n'chakuti mu 2023, poyankha gulu lina lomenyera ana limene linkaidzudzula, kampaniyi inanena yokha zomwe otsutsa ake ankanena zija: kuti kusecha zinthu za aliyense kumatsegula khomo kwa akuba, komanso kuti ukayamba ndi mtundu umodzi wa zithunzi sudziwa kumene ukathere.

Pali nkhani ina imene ikutikhudza ife kwambiri kuposa mmene ambiri tikuganizira. Njira ya zidindo imagwira zithunzi zodziwika kale zokha. Koma andale ambiri amafuna kuti makina azigwiranso zithunzi zatsopano, ndipo pamenepo kompyuta imachita kulota, kuyang'ana chithunzi n'kuganiza yokha ngati chili cholakwika. Mu August 2022 New York Times inalemba za bambo wina wa ku San Francisco amene, nthawi ya Covid mu 2021, anajambula malo obisika a mwana wake wamng'ono amene anatupa, chifukwa achipatala anapempha zithunzi adokotala asanamuone. Makina a Google anachigwira chithunzicho. Akaunti yake inatsekedwa, anataya ma imelo, manambala a anthu ndi zithunzi za zaka zambiri, ndipo apolisi anamufufuza. Apolisiwo anapeza kuti palibe mlandu, koma kampaniyo inakanabe kumubwezera akauntiyo.

Tsono taganizirani mmene ife timakhalira. Ndani mwa ife sanatumizepo kwa agogo kumudzi chithunzi cha mdzukulu akusamba m'beseni? Ndi angati amene mwana akatuluka zidzolo usiku amajambula n'kutumiza kwa achemwali awo a unamwino ku Blantyre kapena ku Manchester kuti atiuze ngati tithamangire kuchipatala? Kwathu mwana wazaka ziwiri kuthamanga pabwalo osavala si nkhani, ndipo wachibale akajambula n'kukutumizirani, chithunzicho chimalowa chokha m'foni mwanu, kenaka chokha n'kukwera ku Google Photos kapena iCloud. Makina sadziwa za agogo. Ku Ireland, mwa malipoti 4,192 amene apolisi analandira kuchokera ku NCMEC mu 2020, amene anatsimikizidwa kuti analidi zithunzi zozunza ana anali 852, ndipo mazana angapo anapezeka kuti anali anthu osalakwa konse. Kwa mzungu wobadwira konkuno, kufufuzidwa molakwika ndi chisokonezo chachikulu. Kwa munthu wa viza, wogwira ntchito yosamalira okalamba kapena ana imene imafuna DBS, amene mapepala ake akudikira yankho ku Home Office, kungoti dzina lako lafika kupolisi pa nkhani ya mtundu umenewu kukhoza kugwetsa zonse zimene wamanga zaka khumi. Ndiye tionjezepo a social services, amene ambiri a ife timawaopa kuposa apolisi.

Apple itasiya, maboma sanasiye. Kuno ku Britain, Online Safety Act inakhala lamulo mu October 2023, ndipo gawo 121 limapatsa bungwe la Ofcom mphamvu yolamula kampani kugwiritsa ntchito makina ovomerezeka pofufuza zithunzi zozunza ana, ngakhale m'mauthenga apakati pa anthu awiri. Kampani yokana ikhoza kulipitsidwa mapaundi 18 miliyoni kapena gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonse zimene imapeza padziko lapansi. Vuto n'lakuti mauthenga a WhatsApp ndi Signal amatsekedwa pochoka m'foni mwanu ndipo amakatsegulidwa m'foni ya wolandira yekha, kampani ilibe kiyi. Ndiye kuti muwaone, njira yake ndi imodzi, kuwasecha m'foni momwemo asanatsekedwe. Ndi ganizo la Apple lomwe lija, kungoti tsopano lavala suti ya lamulo. WhatsApp ndi Signal ananena poyera kuti bola kuchoka ku Britain kusiyana ndi kutero.

Alipo amene amati, iwe ngati sulakwa ukuopa chiyani? Mawu amenewa ndimawamva ngakhale pakati pathu, kumaliro ndi kumapwando. Yankho langa ndi mbiri ya dziko lino lomweli, osati China kapena Russia. Mu 2004 kampani ya BT inakhazikitsa makina otchedwa Cleanfeed otsekera masamba a intaneti a zithunzi zozunza ana, ndipo aliyense anaombera m'manja. Mu 2011 khoti lalikulu linalamula BT kugwiritsa ntchito makina omwewo kutseka tsamba la Newzbin2, chifukwa makampani a mafilimu a ku Hollywood anadandaula kuti likuwabera. Lamulo la RIPA la 2000 linabwera ndi nkhani za uchigawenga ndi milandu ikuluikulu, koma mu 2008 zinadziwika kuti khonsolo ya Poole inaligwiritsa ntchito kuzonda banja lina kwa milungu pofuna kudziwa ngati likukhaladi m'dera la sukulu imene linafunsira malo a mwana. Bwalo linagamula mu 2010 kuti khonsoloyo inalakwa.

Ndipo chimene chikutikhudza ife obwera: mu 2017 panatuluka mgwirizano woti a NHS azipereka ku Home Office ma adiresi a odwala pofuna kusaka anthu opanda mapepala. Munthu wapita kwa dokotala ndi chifuwa, adiresi yake n'kukathera kwa a immigration. Zinatengera phokoso la madokotala ndi aphungu kuti mgwirizanowo uthe mu 2018. Mu 2022 khoti lalikulu linapezanso kuti Home Office inaphwanya lamulo polanda mafoni a anthu onse ofika pa timaboti n'kumakopera zamkati mwake. Mukaona bwino, chida chilichonse chimabwera ndi cholinga choyera, kenaka ofesi ina imagogoda n'kuti tibwerekeniko, ndipo oyamba kuyesedwa nacho amakhala anthu amene alibe voti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ife Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zambiri pa nkhani imeneyi. Akuluakulu amene anaona nthawi ya Kamuzu akukumbuka kuti kalata yochokera kunja inkatha kufika itatsegulidwa kale, kuti polankhula pa lamya unkasankha mawu, ndiponso kuti pamowa sunkadziwa kuti wa Special Branch ndi uti. Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Nthawi ya matipate itafika zinthu zinasintha, koma chilakolako cha boma chofuna kumvetsera sichinafe. Mukukumbuka makina a MACRA otchedwa CIRMS, amene anthu anawapatsa dzina loti makina a ukazitape, ndi momwe nkhani yake inazungulira m'makhoti zaka zingapo. Ndipo pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, anthu wamba amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp zokhudza atsogoleri. Ku South Africa nako, mu February 2021 khoti la Constitutional Court linagamula kuti mbali zina za lamulo la RICA zikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu umene unayamba zitadziwika kuti boma linkamvetsera mafoni a mtolankhani Sam Sole wa amaBhungane.

Ndikutchula izi chifukwa foni ndi imodzimodzi padziko lonse. iPhone kapena Samsung imene mumatumiza kumudzi pa Khirisimasi ili ndi zamkati zofanana ndi imene mwagwirayo. London kapena Brussels ikakakamiza makampani kuikamo makina osechera, makinawo adzapezekanso m'foni ya mtolankhani wa ku Harare, ya wotsutsa boma wa ku Maputo ndi ya mphunzitsi wa ku Mzuzu. Ndipo boma lililonse lidzangoti, mwawachitira Angelezi, ife mutikaniza bwanji? Kuno kuli makhoti amphamvu, atolankhani olimba ndi mabungwe okhala ndi maloya, komabe taona mmene zinthu zimapotokera. Nanga kumene zonsezi n'zofooka?

Apa ndiye khoswe wakhala pamkhate. Kumusiya sitingamusiye, poti akudya ana athu. Bungwe la National Crime Agency linanena mu 2024 kuti apolisi kuno amamanga anthu pafupifupi 800 pamwezi pa milandu yotere ndi kupulumutsa ana pafupifupi 1,200, ndipo ambiri amagwidwa chifukwa cha malipoti ochokera ku makampani. Ali ndi nkhawa kuti mauthenga akamatsekedwa, monga Meta inayambira kuchita pa Messenger mu December 2023, malipotiwo achepa. Mu December 2024 anthu amene anazunzidwa ali ana anasumira Apple ku California chifukwa chosiya ganizo lija. Munthu sungawayang'ane m'maso anthu amenewa n'kuwauza kuti nkhawa yawo ndi yachabe.

Komabe maganizo anga ndi akuti mkhatewo usaswedwe. Wapolisi akakhala ndi chifukwa chokayikira munthu, apite kwa woweruza, atenge chilolezo, alande foni ya munthuyo aiunike mpaka pansi, ndipo palibe angatsutse. Chimene ndikukana ndi kutembenuza zinthu kuti aliyense azisechedwa tsiku ndi tsiku podikira kuti mwina wina apezeka. Zigawenga zenizeni, zodziwa zimene zikuchita, zidzangosamukira kwina kumene makinawo safika, otsala m'khoka n'kukhala ife a zithunzi za m'beseni. Ndiponso tisaiwale kuti ana ambiri amazunzidwa ndi munthu wodziwika pakhomo, wachibale, mnansi kapena wina wokhulupiriridwa, ndipo ameneyo amagwidwa ndi mphunzitsi watcheru, namwino, kapena mayi amene wamva mwana wake n'kumukhulupirira m'malo mobisa kuti banja lisachite manyazi. Pamenepa ifenso tili ndi mlandu wathu, ndipo si wa Apple ayi. Ziliponso njira zina za m'foni zimene sizineneza munthu: Apple inasunga mbali ina ya ganizo lake, yotchedwa Communication Safety, imene imaphimba chithunzi chamaliseche chikafika pa foni ya mwana n'kumuchenjeza, popanda kutumiza kanthu ku kampani kapena kupolisi. Makolo amene ana anu ali ndi mafoni, kaoneni ngati inayatsidwa.

Pamene nkhaniyi inafika ndi apa. Mu April 2025 bwalo la Investigatory Powers Tribunal linakana pempho la boma loti mlandu wake ndi Apple ubisidwe wonse. Mu August 2025 Tulsi Gabbard, monga mkulu wa zaukazitape ku Amereka, analengeza kuti Britain yavomera kusiya kufuna zinthu za nzika za Amereka, koma mu October nyuzipepala ya Financial Times inalemba kuti Home Office yatumiza lamulo lina, lokhudza anthu a ku Britain okha. Ndiye kuti Aamereka anapulumutsidwa ndi boma lawo, ife okhala kuno tinatsala momwemo. Ku European Union, ganizo la 2022 limene otsutsa analipatsa dzina loti Chat Control linagunda mwala mu October 2025 Germany itakana, ndipo mu November maboma anagwirizana zochotsamo mbali yokakamiza makampani kusecha. Za Online Safety Act, chimene chinaziziritsa WhatsApp ndi Signal chinali mawu a nduna Lord Parkinson m'nyumba ya Lords mu September 2023, akuti Ofcom sidzalamula kusecha pokhapokha patapezeka makina otha kuchita zimenezo moyenera. Mawu amenewo ananenedwa pakamwa. Gawo 121 linadutsa mmene linalili, ndipo Mfumu inasainira lamulolo pa 26 October 2023.